Mod yanu ilibe themomita: kukonza TC, TCR ndi curve ya waya wa koyilo

Nambala ya 220°C imene mumaiona pa sikirini ya mod, bokosi la vape (ndudu ya magetsi) limene limasunga batire, si kutentha kumene makinawo ayeza. M'thanki mulibe themomita, ndipo palibe kachipangizo kalikonse kogunda koyilo, waya wokulunga amene amatentha n'kusandutsa juwisi wa vape nthunzi, kuti kamve mmene yatenthera. Chimene chilipo ndi waya wa koyilo womwewo basi, kudzanso ubongo wa mod umene umayeza ma ohm a wayayo kambirimbiri pa sekondi imodzi. Zitsulo zina zikamatentha zimayamba kuumira kudutsitsa magetsi, ndiye kuti ma ohm ake amakwera. Mod imaona kukwerako n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo: ma ohm akwera mwakuti, waya ndi wamtundu wakuti, ndiye kutentha kuyenera kuti kwafika pakuti. Ikaona kuti kwafika pamalire amene munaika, imabweza moto.

Zimenezi ndiye amati temperature control, mwachidule TC. Kuti masamuwo atuluke bwino, mod imafunika kudziwa ma ohm a koyilo ili yozizira, kutentha kwa malo pa nthawi imene inayeza ma ohm amenewo, ndiponso mmene waya ameneyo amasinthira akamatentha. Zonse zitatu zimadalira mwini wake. Ambiri amene amati TC ndi chinyengo cha ogulitsa, mukafufuza bwino mumapeza kuti anainamiza okha mod pa chimodzi mwa zimenezi, iyonso n'kuwabwezera bodza lawolo mokhulupirika.

Luso limeneli linafika pamsika kumapeto kwa 2014, pamene kampani ya Evolv ya ku Ohio, ku America, inatulutsa chip ya DNA40, imene inkadziwa waya mmodzi yekha, wa nickel wotchedwa Ni200. Mu 2015 zinthu zinathamanga. YiHi inabwera ndi SX350J, Joyetech inabwera ndi eVic VT imene inkadziwanso titanium, ndipo Evolv yomweyo inatulutsa DNA200 pamodzi ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya EScribe, imene imalola munthu kulowetsa yekha khalidwe la waya aliyense. Cholinga chinali kuthana ndi dry hit. Thonje lonyamula juwisi m'koyilo likauma, juwisi amene ankaziziritsa waya posanduka nthunzi sakhalaponso. Mu wattage mode, mmene mod imangopereka mphamvu imene mwaika osayang'ana kutentha, magetsi amangopitirira kulowa, waya amatentha mopitirira, thonje limapserera, ndipo glycerin ndi propylene glycol za mu juwisi zotsalira zimasweka n'kutulutsa zinthu monga acrolein ndi formaldehyde. TC yokonzedwa bwino imatchinga zimenezo. Koma sichotsa chikonga, ndipo munthu amene sanasutepo fodya alibe chifukwa choyambira. Nkhani ino ndi ya akuluakulu amene makinawa ali nawo kale m'manja.

Masamu ake, ndi kanambala kamene kamavutitsa

Waya aliyense ali ndi nambala yotchedwa TCR, yosonyeza gawo limene ma ohm ake amakwera pa digiri imodzi. Mod imawerengera chonchi:

ma ohm otentha = ma ohm ozizira × (1 + TCR × madigiri amene akwera)

Titenge koyilo ya stainless steel ya SS316L, waya wa 26 AWG amene kunenepa kwake ndi pafupifupi 0.4 mm, wokulungidwa maulendo 7 pa kachitsulo ka 3 mm. Imeneyi imatuluka pafupifupi 0.50 ohm. TCR ya SS316L tiitenge kuti ndi 0.00092. Kuchoka pa 20°C kufika pa 220°C ndi madigiri 200, ndipo 200 kuchulukitsa ndi 0.00092 ndi 0.184. Choncho mod idikira kuti ma ohm afike pa 0.50 × 1.184, amene ndi 0.592, ndipo ikawaona idzati tafika.

Taonani kuchepa kwake. Ulendo wonse wa madigiri 200 wakwana mu 0.092 ohm yokha, kutanthauza kuti digiri imodzi ndi 0.00046 ohm. Sikuluwu yolekera pang'ono, kadontho ka juwisi pa pini ya 510 yolumikiza thanki ndi mod, zimatha kusintha ma ohm ndi 0.01 osavuta. Mod ikamaganiza kuti koyilo yozizira ndi 0.51 pamene zoona zake ndi 0.50, idikira 0.604, ndipo pofika pamenepo waya amakhala ali pa 246°C ngakhale sikirini ikunenabe 220. Madigiri 26 atayika chifukwa cha kanambala kamene maso sangakaone ngati vuto.

Nickel ndi wosiyana. Waya wa Ni200 wa 28 AWG, maulendo 12 pa 3 mm, amatuluka pafupifupi 0.16 ohm, ndipo pofika pa madigiri ovepera ma ohm ake amakhala atawirikiza kawiri. N'chifukwa chake ma mod oyambirira anayambira pa nickel: kusintha kwake n'kwakukulu, ngakhale chip yosayeza bwino imakuona. Kanthal A1 ali mbali inayo. Ma ohm ake sasuntha kwenikweni ngakhale atafiira, n'chifukwa chake ndi wabwino m'mauvuni ndi mu wattage mode, koma mu TC mod imakhala ngati yatsekedwa m'maso. Ni80 nayenso amasintha pang'ono kwambiri, pafupifupi 0.0001, ndipo sagwira. Samalani ndi mayina awiriwa chifukwa amasokoneza ngakhale ogulitsa: Ni80 ndi nichrome, wosakaniza magawo 80 a nickel ndi 20 a chromium, pamene Ni200 ndi nickel weniweni wosachepera 99 peresenti. Kuika Ni80 pa Ni mode ndi njira yachidule yootchera thonje, chifukwa mod idikira kuwirikiza kumene sikudzafika.

Manambala oyambira amene anthu amagwiritsa ntchito ndi awa: Ni200 pafupifupi 0.006, titanium wa Grade 1 pafupifupi 0.0035, NiFe30 amene Dicodes ya ku Germany imagulitsa ndi dzina la Resistherm 0.0032, SS430 pafupifupi 0.00138, SS304 kupitirira pang'ono 0.001, ndipo SS316L pakati pa 0.00088 ndi 0.00092. Kalembedwe kake pa sikirini n'kosiyanasiyana. Ma mod a Joyetech, Eleaf ndi Wismec ali ndi malo atatu, M1, M2 ndi M3, ndipo pamenepo 0.00092 mumailemba kuti 92, nickel kuti 600. Ena amaonetsa nambala yonse ndi maziro ake, ena amafuna 920. Musanalembe, onani nambala imene ilipo kale pa mtundu wa waya umene mukuudziwa, mudzaona pamene kadontho kali.

Lamulo limene anthu amalitembenuza kawirikawiri nali: mukakweza TCR, vape imatentha, mukaitsitsa, imazizira. Chifukwa chake n'chakuti TCR yaikulu imauza mod kuti iyembekezere kukwera kwakukulu kwa ma ohm isanabweze moto. Koyilo yathu ija ya SS316L mukaiikira 105 m'malo mwa 92, pamene sikirini ikuti 220°C waya amakhala pafupi ndi 248°C. Mukatembenuza, kuika koyilo ya nickel pa SS mode, mod imabweza moto waya asanapitirire madigiri 60, ndipo nthunzi situluka n'komwe.

88 kapena 92

Mkangano wa nambala yoyenera ya SS316L ndi wakale, ndipo mbali zonse zikunena zoona. TCR imodzi imaganiza kuti waya amasintha mofanana pa digiri iliyonse, ngati mzere wowongoka. Zitsulo sizichita choncho. Mukalemba ma ohm a SS316L pa madigiri osiyanasiyana, mutatenga 20°C ngati 1, mumapeza pafupifupi 1.08 pa 100°C, 1.126 pa 150°C, 1.168 pa 200°C, 1.207 pa 250°C ndi 1.246 pa 300°C. Mzerewo ukupindikira pansi pang'onopang'ono. Gawani 0.168 ndi madigiri 180, mupeza 0.00093. Gawani 0.207 ndi 230, mupeza 0.00090. Gawani 0.246 ndi 280, mupeza 0.00088. Ndiye 88 ndi yolondola pa 300°C, kumene palibe amene amavepera, pamene 92 kapena 93 ili pafupi ndi zoona pa 200 mpaka 220°C. Ngati mod yanu imalandira nambala imodzi yokha, sankhani yolondola pa madigiri amene mumagwiritsa ntchito, ndipo muvomereze kuti kutali ndi pamenepo iphonya pang'ono.

Nickel amapindikira m'mwamba, ndiponso kwambiri. Manambala a opanga Nickel 200 amapereka pafupifupi 1.35 pa 100°C, 1.9 pa 200°C ndi 2.7 pa 300°C. Pakati pa 200 ndi 300 akukwera mofulumira kuposa pakati pa 20 ndi 100, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mzere wowongoka sungatsate zimenezi, n'chifukwa chake Ni mode ya mod imodzi imamveka mosiyana ndi ya ina pa nambala yomweyo.

Apa ndi pamene curve, imene ena amaitcha TFR, imalowera. M'malo mwa nambala imodzi, mumapatsa mod mndandanda wa madigiri angapo ndi nambala yochulukitsira pa digiri iliyonse, ndipo iyo imalumikiza madonthowo. Pa ma chip a DNA mndandandawu ndi fayilo ya CSV ya mizati iwiri, madigiri a Fahrenheit mbali imodzi ndi nambala yochulukitsira mbali inayo. Mumalumikiza mod ku kompyuta ndi waya wa USB wodutsa data, osati wongotchajira, n'kutsegula EScribe, kulowetsa fayiloyo pa mndandanda wa ma material, kuisankha pa profile imodzi, kenako kukankhira zosinthazo mu mod ndi Upload Settings. Ambiri amaiwala gawo lomalizali n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Fayiloyo mutha kuipanga ndi Wire Wizard ya Steam Engine pa intaneti, imene imawerengeranso curve ya koyilo yosakaniza mawaya awiri. Ma mod akale a Joyetech, Eleaf ndi Wismec amalandira ma curve mukawaika firmware (pulogalamu ya m'kati mwa mod) ya ArcticFox kudzera mu NFE Toolbox, koma onetsetsani kuti dzina la mod yanu lili pa mndandanda wake, ndipo musazule waya ikamalemba.

Mukamalemba fayilo pamanja, musasakanize Celsius ndi Fahrenheit: 200°C ndi 392°F, 250°C ndi 482°F. Mukalemba 200 pamene pankafunika 392, mod iganiza kuti waya amakwera mofulumira kuposa mmene alili, ndipo idzaotcha. Dontho la kutentha kwa m'chipinda, 68 kapena 70°F, lizikhala ndi 1 ndendende, ndipo manambala azikwera osabwerera.

Kunena zoona, curve imakonza madigiri asanu kapena khumi pa stainless steel. Ma ohm ozizira olakwika amawononga makumi awiri kapena atatu. Anthu amathera madzulo onse akusinthasintha mafayilo pamene vuto lili pa pini.

Ma ohm ozizira

Koyilo ndi mod zikhale zozizira mofanana ndi chipinda musanalumikize. Mukangomaliza kuvepa, kapena kuotcha koyilo poikonza, chotsani thanki muiike pa tebulo mphindi 10 mpaka 15. Koyilo yonenepa ngati clapton (waya wokutidwa ndi waya wina woonda), kapena thanki ya chitsulo chochindikala, imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa mmene zala zimamvera. Mukaloka ma ohm (kuuza mod kuti isunge nambalayo ngati ya koyilo yozizira) koyilo ili pa 40°C pamene mod ikuganiza kuti ili pa 20°C, 220 yanu imasanduka pafupifupi 244.

Ikazizira, pukutani pini ya 510 ndi mazinga ake mbali zonse ndi kansalu konyowetsa sipiriti, mangani thanki mpaka igwire bwino koma osaifinya ndi mphamvu, kenako dinani batani kamodzi mwachidule. Ma mod ambiri amafunsa kuti New Coil kapena Same Coil. Ngati koyilo ndi yatsopano, kapena mwaimanganso, ndipo ndi yozizira, vomerani kuti ndi yatsopano. Ngati mwangochotsa thanki kuti muthire juwisi ili yofunda, yankhani kuti ndi yomweyo, chifukwa nambala yokwera imene mod ikuona ndi ya kufundako. Mukatero lokani ma ohm, ndipo lembani nambalayo penapake. Masulani thanki, imangeninso, muonenso. Mukachita zimenezi katatu nambala n'kumasintha ndi 0.01 kapena kuposa, musapitirire ku TC: pali polekera, ndipo palibe menyu imene ingakonze zimenezo.

Kuloka kuli ndi msampha wake. Mukasintha thanki osatsegula loko, mod imawerengera koyilo yatsopano ndi nambala ya yakale. Ma chip a DNA amakonza okha nambala yozizira mod ikakhala osagwiritsidwa ntchito, choncho pa iwo kuloka n'kofunika makamaka pamene cholumikizira chili chosakhazikika.

Palinso nkhani ya nyengo. Ma mod otsika mtengo ambiri amangoganiza kuti kozizira ndi 20°C nthawi zonse. Ku London zimenezo sizili kutali ndi zoona. Koma m'chipinda cha ku Chikwawa mu Okutobala, kumene kumafika 35°C, koyilo ya SS316L yolokedwa masana imavepera pafupifupi madigiri 18 pamwamba pa zimene sikirini ikunena. Lokani m'mamawa kukadali kozizira, kapena tsitsani malire ndi madigiri 15 mpaka 20. Mod yosiyidwa m'galimoto padzuwa kapena yotuluka kumene m'thumba la buluku ilinso ndi vuto lomwelo.

Ma ohm amene satentha

Nambala imene mod imawerenga si ya koyilo yokha. Ikuphatikiza pini ya 510, mapositi, masikuluwu ndi mawaya a m'kati mwa mod, ndipo zimenezi sizitentha ngati koyilo, choncho ma ohm ake sakwera. Pa koyilo ya 0.50 sizioneka kwambiri. Koma tiyerekeze mod ikuwerenga 0.16 ohm pa makoyilo a stainless, pamene 0.15 ndi ya waya ndipo 0.01 ndi ya njira. Mod idikira 0.16 × 1.184, koma kukwera konseko kuyenera kuchokera mu 0.15 yokha, ndipo waya amafika pa 233°C m'malo mwa 220. EScribe ili ndi malo otchedwa Mod Resistance kumene wopanga mod amalembamo gawo la m'kati kuti lichotsedwe pa masamu. Ngati simunayeze ndi chida choyenera, musaikhudze nambala imeneyo. Njira yapafupi ndi kusamanga makoyilo a stainless otsika kwambiri: pakati pa 0.3 ndi 0.8 ohm TC imagwira mosavuta kuposa pa 0.12. Pamwamba palinso malire, poti ma mod ambiri amalandira TC kuyambira 0.05 mpaka 1.0 kapena 1.5 ohm, ndipo kupitirira pamenepo amabwerera okha ku wattage.

Koyilo yokha

Mod imaona avereji ya waya yense, kuyambira pa sikuluwu ina kufika pa inzake. Singadziwe kuti mkulungo wapakati wauma n'kutentha kwambiri pamene am'mbali ndi onyowa. Singadziwenso kuti pa makoyilo awiri imodzi yauma. Miyendo yaitali yopanda thonje imatentha kuposa thupi la koyilo n'kupangitsa mod kubweza moto msanga, choncho ikhale yaifupi, ndipo pa makoyilo awiri ikhale yofanana.

Mikulungo ikhale yotalikirana pang'ono, osagundana. Kanthal akaotchedwa amapanga kachikopa kamene kamaletsa magetsi kudumpha pakati pa mikulungo yogundana. Nickel ndi titanium simuwaotcha, ndiye kachikopako palibe, ndipo mikulungo ikagundana ma ohm amadumphadumpha, thonje likangosuntha nambala yasintha. Njira yosavuta ndi kukulunga waya m'mizere ya sikuluwu ya 3 mm, kapena kukulunga mawaya awiri pamodzi kenako n'kuchotsa mmodzi. Stainless amalola mikulungo yogundana akakonzedwa bwino, koma yotalikirana imakhazikika kuposa. Nickel ndi wofewa kwambiri moti sikuluwu imatha kumudula mukamanga ndi mphamvu, ndipo thonje lothina limapinda koyilo polowa. Mangani pang'onopang'ono, ndipo bwerezaninso kumanga masikuluwu koyilo itatentha n'kuzizira kangapo, chifukwa chitsulo chimafutukuka n'kubwerera.

Makoyilo ogula opangidwa kale, werengani zolembedwa pambali pake. Ambiri a mesh ndi a Kanthal kapena nichrome, ndipo sagwira TC ngakhale mod itakhala yodula chotani. Clapton ya stainless m'kati ndi Ni80 kunja imagwira chifukwa magetsi ambiri amadutsa m'kati, koma TCR yake imatsika pang'ono poyerekeza ndi ya stainless yekha.

Madigiri ndi ma watt

Mu TC ma watt sasankha kutentha, amasankha liwiro lofikira kumeneko. Pa koyilo yathu ya 0.50 yambani ndi 25 mpaka 30 W ndi 200°C, kenako kwezani madigiri asanuasanu. Anthu ambiri amakhazikika pakati pa 200 ndi 250°C, ngakhale ma mod amalola kuyambira 100 mpaka 315°C. Propylene glycol imawira pa 188°C ndipo glycerin pa 290°C, choncho juwisi wa glycerin (VG) yambiri amafuna madigiri okwererapo kuposa wa theka ndi theka.

Ma watt akachepa, koyilo yonyowa sifika pamalire n'komwe, ndipo mukuvepa ngati mu wattage mode, TC ikungodikira tsiku limene thonje lidzaume. Si kulakwa, ena amakonda choncho. Ma watt akachuluka kwambiri pa waya woonda, koyilo imadumpha malire, mod imazimitsa, waya n'kuzizira, mod n'kuyatsanso, ndipo nthunzi imabwera modukizadukiza. Tsitsani ma watt asanuasanu mpaka kudukizako kuthe. Preheat ndi ya makoyilo olemera amene amachedwa kudzuka: mphamvu yowonjezera kwa theka la sekondi kapena sekondi imodzi. Pa waya woonda siifunika.

Uthenga wa Temp Protect kapena Protection si vuto pawokha, ukungonena kuti malire afikidwa. Ukamabwera chakumapeto kwa kukoka, zili bwino. Ukabwera mutangodina batani, nthunzi kulibe, ndiye kuti ma ohm olokedwa ndi otsika kuposa enieni, kapena TCR ndi yochepa, kapena thonje lathina moti juwisi sakufika. Vape imene dzulo inali bwino lero n'kukhala yofooka mumaiyamba ndi thonje ndi masikuluwu, osati kukweza madigiri.

Kuyesa ngati mod ikunena zoona

Mayeso a thonje louma ndi osavuta. Ikani thonje latsopano lopanda juwisi, ma watt 20, malire 190°C, ndipo dinani batani masekondi asanu katatu, osakoka ndi pakamwa. Solorani thonjelo muone. Liyenera kukhala loyera. Bwerezani pa 200, 215 ndi 230°C, nthawi iliyonse pa gawo latsopano la thonje. Chapakati pa 215 ndi 230°C limayamba kuoneka mizere yofiirira pang'ono. Likada kapena kufuka utsi pa 190, mod ikuwerenga mozizira kuposa zoona: yambani mwayezanso ma ohm ozizira, ndipo ngati ali bwino tsitsani TCR ndi 2 kapena 3 n'kuyesanso. Likakhalabe loyera pa 250, kwezani.

Mayeso a madzi amafuna pulogalamu yoonetsa madigiri pa kompyuta, monga Device Monitor ya mu EScribe kapena ya mu NFE Toolbox. Nyowetsani thonje loyera ndi madzi okha, ikani malire pa 150°C ndi ma watt 15, dinani batani. Mzere wa kutentha uyenera kukwera n'kukhazikika pamene madzi amawirira, malinga thonje likadali lonyowa. M'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi 100°C, koma ku Lilongwe, pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, madzi amawira chapa 96 kapena 97°C, ndipo ku Johannesburg chapa 94°C. Kumbukiraninso kupindika kuja: SS316L pa 100°C amakhala pa 1.08, ndipo mod yogwiritsa ntchito TCR ya 92 idzawerenga zimenezo ngati 107°C. Musathamangire kusintha nambala chifukwa cha madigiri asanu ndi awiriwo. Mayeso a madzi amatsimikizira ma ohm ozizira ndi curve, pamene TCR imodzi mumaiweruza ndi thonje louma.

Zosachita

Ni200 ndi titanium ndi a TC basi. Musawaike pa wattage mode kapena pa mechanical mod (mod yopanda chip), ndipo musawaotche mpaka kufiira powatsuka. Titanium akatentha kwambiri amapanga fumbi loyera la oxide, ndipo waya woonda amatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Koyilo ya titanium ikachita zoyera ngati phulusa, itayeni. Nickel ali ndi ma ohm otsika kwambiri moti popanda mod yomuyang'anira amakoka magetsi oopsa. Amene khungu lawo limadana ndi nickel adziwe kuti SS316L nayenso ali ndi nickel pakati pa 10 ndi 14 peresenti.

Batire muliwerengere potengera ma watt apamwamba amene mwaika, kuphatikizapo preheat, osati ma ohm a koyilo. Gawani ma watt ndi ma volt a batire likatsala pang'ono kutha, pafupifupi 3.2, kenako gawaninso ndi 0.9 chifukwa cha mphamvu yotayika mu chip. Ma watt 60 pa batire limodzi la 18650 ndi pafupifupi ma amp 21, kupitirira kale malire a batire la 20 A monga Samsung 25R. Pulasitiki yokuta batire ikang'ambika, ngakhale pang'ono pokha, lisalowe mu mod mpaka litakutidwanso.

Ma chip a DNA75C ndi DNA250C ali ndi Replay, imene imazemba mbali yaikulu ya masamuwa. Mumavepa mu ma watt mpaka mutapeza kukoka kumene kwakusangalatsani, n'kukusunga, ndipo mod imabwereza kayendedwe ka ma ohm komweko pa kukoka kulikonse, osasowa kudziwa kuti ndi madigiri angati. Imafunabe waya wosintha ma ohm ngati stainless, ndipo sikuluwu yolekera imaisokoneza chimodzimodzi.

Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka ndi juwisi wotsekemera, koyilo imamata zakuda zimene zimatchinga waya kuti asagunde juwisi, ndipo mod imabweza moto msanga. Pa stainless, chotsani thonje, pitani ku wattage mode pa 15 W, dinani mwachidule m'chipinda cha mdima mpaka waya angoyamba kuoneka kufiira pang'ono, osapitirira, kenako tsukani ndi madzi ndi kaburashi. Ikauma mangani masikuluwu, ikani thonje latsopano, dikirani mphindi 15 zija, tsegulani loko, yezani, n'kuyerekeza ndi nambala imene munalemba tsiku loyamba. Ikasiyana ndi 0.01 kapena kucheperapo, lokani n'kubwerera ku TC. Ikasiyana kuposa pamenepo pamene masikuluwu ndi pini zili zolimba ndi zoyera, ndiye kuti waya watha, mangani koyilo ina.